Moto wa gasi pabwalo: dzenje la nkhuni si malo ake

ULONGWE — Botija la gasi, lomwe kale tinkangoliona m'nyumba za mumzinda wa Tete, masiku ano layamba kufika ndi kumidzi ya m'malire. Ena amawabweretsera ndi ana awo ogwira ntchito ku Moatize kapena ku Joni, ena amaligula okha akagulitsa fodya, nyemba kapena mbatata ya kachewere.

Popeza ife kuno tidazolowera kuphikira pabwalo, makamaka m'chilimwe, munthu akalandira botijali nzeru yoyamba kumufikira ndi yokaliika pomwe pankayaka nkhuni: pa mafuwa, pamalo pokumbika pomwe phulusa lidadya nthaka. Kuphikira gasi panja ndi chinthu chabwino, koma dzenje limene limathandiza moto wa nkhuni ndi lomwe lingasandutse gasi kukhala mdani wa banja lonse.

Chomwe anthu akufunira gasi

Amene adakula nkhondo isanafike kuno amakumbukira mitengo yomwe idali m'mapiri mwathu. Pa nthawi ya nkhondo anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino adathawira ku Malawi, ndipo mitengo yambiri ya m'malire, tsidya lino ndi tsidya linalo, idathera kumangira misasa ndi kuphikira. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu adabwerera, nkuyamba kumanga nyumba, kutsegula minda ndi kuwotcha njerwa. Kenaka padabwera malonda a makala. Zotsatira zake amazidziwa bwino ndi amayi ndi atsikana, amene amalawirira m'mamawa nkubwerako dzuwa lili pamutu ndi mtolo umodzi.

Pa mafuwa, moto wambiri umathawira m'mbali. Mwa magawo 10 a kutentha kwa nkhuni, lofika mumphika ndi limodzi kapena kupitirira pang'ono, pomwe pa chitofu cha gasi pafupifupi theka limafika. Palinso nkhani ya utsi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, lomwe kuno timalidziwa ndi dzina loti OMS, lidawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu oposa 3 miliyoni adamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba, monga chibayo cha ana ndi matenda a mtima ndi mapapo. Choncho wofuna gasi sikuti akudzitukumula ayi, akufuna mpumulo.

Gasiyu ndi wotani?

Ambiri timamva pa wailesi kuti dziko lathu lili ndi gasi wochuluka. Ndi zoona. Kuyambira m'chaka cha 2004 gasi wa ku Pande ndi ku Temane, m'chigawo cha Inhambane, amayenda m'paipi yaitali makilomita 865 mpaka ku Secunda m'dziko la South Africa, ndipo m'chaka cha 2022 sitima yoyamba idanyamula gasi wa m'nyanja ya ku Cabo Delgado kupita naye kunja. Koma gasi woyenda m'paipi uja ndi wosiyana ndi wa m'botija. Wa m'paipi ndi wopepuka, akathawa amakwera m'mwamba. Wa m'botija, amene pa Chipwitikizi amamulemba kuti GPL, ndi wa mitundu iwiri yotchedwa butano ndi propano, ndipo ndi wolemera kuposa mpweya womwe timapuma.

Mukagwedeza botija mumamva ngati muli madzi. Ndi gasi yemweyo, wapanikizidwa mpaka kusanduka wamadzi. Akatuluka amafufuma pafupifupi ka 250, kutanthauza kuti kapu imodzi yokha ya madzi amenewa imatulutsa gasi wodzaza makapu 250. Ndipo safuna kuchuluka kuti ayake: magawo awiri okha mwa magawo 100 a mpweya akakhala gasi, kamoto kakang'ono nkokwanira.

Gasiyu mwachibadwa alibe fungo. Fungo loipa lija, longa la kabichi wowola, amachita kuthiramo dala ku fakitale kuti mphuno ikuchenjezeni. Mukalimva chitofu chili chozimitsa, dziwani kuti penapake pakudontha.

Chifukwa chake dzenje ndi loopsa

Popeza ndi wolemera, gasi akathawa amayenda pansi ngati madzi a mvula, kufunafuna malo otsika. Pabwalo posalala mphepo imamubalalitsa. Koma akapeza dzenje, ngalande, kapena chitofu cha njerwa chotsekedwa pansi, amakhazikika mmenemo osaoneka ndi maso. Wobwera kudzayatsa machesi amawerama, nkhope ili pamwamba pa dzenjelo, ndipo moto umabuka nthawi imodzi.

Amene adagwirako ntchito m'mahotela a alendo kapena m'nyumba za olemera ku Joni adaonako moto wa gasi woyaka pabwalo, m'chinthu chozungulira chodzaza timiyala, anthu atakhala mozungulira madzulo. Wina angaganize zomanga chotere kwawo kuti aziwotcherapo nyama. Zinthu zitatu zofunika kudziwa ndi izi.

Choyamba, zopangidwa ku fakitale zimakhala ndi mabowo m'munsi oti gasi wothawa azitulukira, ndipo timiyala take ndi tosankhidwa topirira moto. Miyala ya kumtsinje imasunga madzi mkati, ikatentha imaphulika nkumwaza zidutswa.

Chachiwiri, moto umenewu adaupangira kuwotha ndi kukongoletsa. Malawi ake ndi achikasu, oyaka mwaulesi, ndipo lawi lachikasu la gasi limatanthauza kuti gasiyo sakupsa bwino. Limasiya mwaye pa mphika ndi pa nyama. Lawi lophikira ndi la buluu, lalifupi, losagwedera.

Chachitatu, mafuta a nyama akamadonthera pansi amatseka timabowo totulukira gasi, nkuunjikana m'timiyala, ndipo tsiku lina amayaka okha. Pajatu chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Malo oyenera kuphikirapo

Wofuna kuphikira gasi panja asakumbe pansi, akweze m'mwamba. Sanjani njerwa kapena ikani tebulo lachitsulo pamalo posalala, chitofu chikhale pamwamba osagwedera. Ngati mwamanga ndi njerwa, siyani mipata m'munsi kuti mphepo izidutsa. Malowo atalikirane ndi dzenje la zinyalala, chimbudzi, nkhokwe ndi denga la udzu lotsika.

Botija liime chilili nthawi zonse, pamthunzi, motalikirako ndi moto monga momwe paipi yake ikulolera. Mukaligoneka, mmalo mwa mpweya mumatuluka gasi wamadzi uja, ndipo lawi limakula mosaletseka. Paipi ya labala, imene m'masitolo amati mangueira, isadutse pansi pa mphika kapena pomwe mbuzi ndi makoswe zingaitafune. Paipi zabwino zimakhala ndi chaka cholembedwa pambali. Chakacho chikapita, kapena mukaona ming'alu, gulani ina. Paipi yothirira m'dimba si ya gasi.

Ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Mitu ya mabotija si yofanana: botija lochokera ku Malawi kapena ku Joni likhoza kukana redutor yogulidwa ku Tete, kachipangizo kaja komwe kamachepetsa mphamvu ya gasi asanalowe m'paipi. Zikakanana musakakamize, ndipo musamange ndi malegeni monga timachitira ndi katundu wa panjinga. Pezani redutor yogwirizana ndi botijalo. Musalolenso munthu kukutsanulirani gasi kuchoka m'botija lina kuseri kwa msika. Ku malo ovomerezeka amadzaza magawo pafupifupi 80 mwa 100, kusiya mpata woti gasi afufumire kukatentha. Botija lodzazidwa mpaka kukhosi likakhala padzuwa la mu Okutobala ndi ngozi yodikira nthawi.

Kuyatsa ndi kuzimitsa

Nthawi iliyonse mukasintha botija, sungunulani sopo m'madzi, pakani thovu lake pamutu pa botija ndi polumikizira paipi monse, kenaka tsegulani botijalo. Thovu likamatupa, pamenepo pakudontha. Osayesa ndi machesi.

Poyatsa, tsegulani botija chitofu chili chotseka, yatsani machesi, kenaka tsegulani chitofu pang'onopang'ono. Mukatsegula chitofu kaye nkumakafunafuna machesi m'nyumba, gasi amakhala akuunjikana. Pozimitsa yambani kutseka botija kuti wotsalira m'paipi apse, kenaka tsekani chitofu.

Mdani wamkulu wa moto wa gasi panja ndi mphepo, ndipo kuno ku mapiri a Angonia ndi Tsangano mwera sasowa. Mphepo imathamangitsa kutentha nkukutherani gasi pachabe, ndipo ikhoza kuzimitsa lawi gasi nkumatulukabe. Tchingani chitofu mbali zitatu ndi lata kapena njerwa, koma botija likhale kunja kwa chotchingacho. Lawi likazima, tsekani, dikirani fungo lithe, kenaka yatsaninso. Mwana asasiyidwe yekha kuyang'anira mphika.

M'mamawa wa mu Juni ndi Julaye, chisanu chikagwa, mudzaona lawi likuchepa mphamvu ngakhale botija lili ndi gasi. Ndi khalidwe la butano: kukazizira kufika pomwe madzi amaundana, amavutika kusanduka mpweya. Musaliyandikize pamoto kuti lifunde. Dikirani kunja kufundeko, lidzayamba lokha.

Zakudya zathu pa gasi

Tiyi, phala la ana opita kusukulu, ndiwo zamasamba, mazira ndi usipa, apa gasi alibe mnzake, chifukwa moto umapezeka nthawi yomweyo ndipo mukhoza kuuchepetsa kapena kuuwonjezera. Nsima imapsanso bwino, koma povundula pamafunika chitofu chachifupi cha miyendo yolimba, popeza mthiko umafuna mphamvu ndipo kachitofu kopepuka kamagubuduka. Chepetsani moto phala likayamba kuwira kuti lisapserere.

Nyemba zouma ndizo zimamaliza botija. Zinyikeni m'madzi usiku wonse, ndipo pophika vundikirani mphika. Zikawira, moto waung'ono umaphika chimodzimodzi ndi waukulu, chifukwa madzi owira satenthanso kuposa pamenepo.

Nyama yowotcha musaiike pa lawi penipeni. Ikani chiwaya kapena chitsulo chafulati pamwamba pa chitofu kuti mafuta asadonthere m'timabowo. Mafuta a m'chiwaya akagwira moto musathire madzi, chifukwa amathovokera m'mwamba ndi moto womwe. Tsekani botija, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, ndipo musachinyamule mpaka chitazizira.

Pa nyama ya nkhumba pafunika kusamala kwambiri. Ofufuza a zaziweto adapeza kale kuti nkhumba zambiri zongoyendayenda m'midzi ya Angonia zimakhala ndi timatuza toyera m'nyama, tonga njere za mpunga. Munthu akadya nyama yotere yosapsa amagwidwa njoka yaitali ya m'mimba. Mazira a njokayo amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja, m'madzi kapena m'chakudya, akhoza kukafika ku ubongo nkuyambitsa khunyu. Moto wa gasi ndi wachangu: umafiiritsa kunja mkati muli mwamwisi. Dulani nthuli zazing'ono, chepetsani moto, ndipo ng'ambani imodzi muone kuti mkati mulibe kufiira. Nyama yooneka timatuza isagulitsidwe, isadyedwe.

Chimanga chachiwisi ndi mbatata yootcha m'phulusa, izi zisiyireni makala. Gasi alibe phulusa, alibenso kafungo kautsi kamene timakakonda.

Nkhuni sizinathe ntchito

Tisanamizane kuti botija lithetsa zonse. Gasi amafuna ndalama yonse pamodzi, pomwe nkhuni munthu amatola kapena kugula pang'onopang'ono, ndipo likatha botija, ulendo wokasinthitsa ndi wautali kwa okhala kutali ndi msewu wa phula. Miphika ikuluikulu ya pamaliro ndi paukwati, thobwa ndi mowa wamasese, zonsezi zidzafunabe nkhuni. Banja lanzeru limagawa ntchito: gasi pa zophika zachangu, nkhuni pa zokhalitsa. Potero mitolo yomwe mayi amasenza pa sabata imachepa, ndipo mitengo imapeza mpata wophukira.

Chenjezo lina ndi la nyengo yozizira. Musalowetse chitofu cha gasi m'chipinda chotseka kuti muwothe usiku. Moto uliwonse woyaka mopanda mpweya wokwanira, wa gasi kapena wa mbaula ya makala, umatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, umene umagoneka anthu tulo tosadzuka nato. Woyamba kumva mutu ndi chizungulire atsegule chitseko ndi kutulutsa onse panja, ndipo wokomoka athamangire naye kuchipatala. Wopsa ndi moto muthireni madzi ozizira oyera pa balalo kwa mphindi 20, osapakapo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano, kenaka pitani naye kuchipatala.

Mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo angathandize pouza anthu zimenezi pamisonkhano, pakuti ngozi ya botija limodzi imakhudza nyumba zoyandikana. Ogulitsa nawonso asamangolandira ndalama, azionetsa wogula kalumikizidwe kake ndi kayesedwe ka sopo. Ndipo inu amene mwalandira botija koyamba, funsani kwa amene adaligwiritsapo ntchito musanayatse. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.