Nzama, mapira ndi mchewere: chifukwa chiyani akatswiri akubwerera ku mbewu za makolo?

Chilala cha El Niño cha nyengo ya 2023/2024 chinawotcha chimanga m'madera ambiri a chigawo cha Tete, ndipo mbozi za ntchemberezandonda, zomwe zinafika kuno mu 2017, zikuonongabe minda. Mavuto awiriwa akukumbutsa kuti banja lodalira chimanga chokha limagona ndi njala mvula ikangodula mwezi wa Januwale kapena Febuluwale.

N'chifukwa chake akatswiri a zaulimi akufufuza mbewu zomwe kwa zaka zambiri sizinkalabadiridwa: nzama, mapira, mchewere, mawere, khobwe ndi masamba monga bonongwe, luni ndi denje. Bungwe la FAO linanena mu 2019 kuti mwa mitundu pafupifupi 6,000 ya zomera zomwe anthu akhala akulima kuti adye, mitundu 9 yokha ndiyo imapereka magawo 66 pa 100 alionse a zokolola za dziko lonse.

Mphamvu ya mbewuzi yagona pa kupirira. Mapira ali ndi mizu yambiri yozama, ndipo kukauma amapinda masamba n'kuima kaye kukula, mvula ikabwera n'kupitiriza. Chimanga chikasowa madzi pa nthawi ya ngayaye, zokolola zimatsikiratu. Mchewere umabereka ngakhale m'dothi lamchenga la kumadera otentha monga Changara ndi Mágoè. Nzama, zomwe pa Chipwitikizi amati feijão jugo, zimachita bwino m'nthaka yoguga, zimasiya chonde monga mtedza, ndipo zili ndi zakudya zomanga thupi.

Nanga n'chifukwa chiyani alimi ambiri anazisiya? Mbalame zimatha mapira ndi mchewere m'munda. Nzama zouma zimachedwa kupsa, choncho zimadya nkhuni zambiri. Kupuntha ndi kusinja ndi ntchito yowawa yomwe imagwera amayi. Mbewu yake sipezeka kawirikawiri m'masitolo, ndipo ogula ambiri a m'malire amafunsa chimanga, soya ndi nyemba.

Kafukufuku akulimbana ndi zopinga zomwezi. Muno m'Mozambique ntchito yoyesa ndi kusankha mbewu ili m'manja mwa bungwe la IIAM. Bungwe la ICRISAT, lomwe lili ndi malo ku Chitedze m'dziko la Malawi, limatukula mapira, mawere, mtedza ndi nandolo. Ku Nairobi, gulu la African Orphan Crops Consortium likuunika chibadwa cha mbewu 101 za mu Africa kuti mitundu yocha msanga ndi yobereka kwambiri ipezeke mwachangu. Bungwe la United Nations nalonso linapatula 2023 kukhala chaka cha mbewu za m'gulu la mawere ndi mchewere.

Cholinga si kusiya chimanga, koma kugawa munda kuti mbewu imodzi ikakanika, ina ipulumutse banja. Kafukufukuyu amadalira mbewu yomwe agogo akusungabe m'zikwatu ndi m'mitsuko. Mtundu ukatha m'mudzi, kuupezanso n'kovuta. Musanadye kapena kugulitsa zonse, patulani mbewu ya chaka chamawa, ndipo funsani mlangizi wa m'dera lanu za mitundu yoyenera nthaka yanu.