Mileme ndi kuwala kwa mwezi: zomwe mlimi ayenera kudziwa

Cholinga cha phunziro

Pakutha pa phunziroli mudziwe chifukwa chake mileme imachepa m'munda mwezi ukamawala, komanso momwe izi zingakusokonezereni pounika mbewu.

Mileme ilipo ya magulu awiri

Yaing'onoing'ono, yomwe imagona kudenga ndi m'mphako, imadya tizilombo touluka usiku. Pakati pa tizilomboti pali agulugufe omwe amaikira mazira a kapuchi ndi ntchemberezandonda. Gulugufe mmodzi wa ntchemberezandonda amatha kuikira mazira ofika 1,000, choncho mleme ukamudya asanaikire, wakupulumutsirani chimanga chambiri. Mileme imeneyi sidalira maso posaka. Imatulutsa timawu tomwe khutu la munthu silimva, ndipo timawuto tikagunda kachilombo n'kubwerera, mleme umadziwa pomwe kali.

Ikuluikulu imadya zipatso ndi timadzi ta m'maluwa, ndipo imapeza chakudya ndi maso komanso fungo. Imaononga mango ndi magwafa ndithu, koma ndi yomwenso imabereketsa milambe ndi kumwaza njere za mitengo. Ku Kasanka, m'dziko la Zambia, mileme yotere imasonkhana miyandamiyanda kuyambira Okutobala mpaka Disembala, nyengo ya masuku.

Mwezi umasintha chiyani?

Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuchoka pamdima kufika pamdima wina. Ukakhala wathunthu, mitundu yambiri ya mileme ya kumadera otentha imachepetsa maulendo. Ina imasakira pansi pa mitengo yowirira, ina imadikira kuti mwezi ulowe kapena ubisike m'mitambo.

Chifukwa choyamba ndi adani. Mleme wouluka pamtetete mwezi uli mbee umaonekera patali kwa kadzidzi. N'chifukwa chake mileme yosakira pamwamba pa madzi imasintha kwambiri khalidwe.

Chachiwiri ndi chakudya. Tizilombo tambiri timachepetsanso kuuluka mwezi ukawala. Mwina mudaona kuti ngumbi zimaunjikana bwino panyali kukakhala mdima. Kusaka kumadya mphamvu, ndiye mleme sutaya nthawi pomwe nyama yachepa.

Si mitundu yonse imatero. Ina youluka mothamanga m'mwambamwamba imasakabe ngakhale mwezi uwale chotani.

Tanthauzo lake kumunda kwanu

Mukaona mileme yochepa kapena agulugufe ochepa panyali usiku wa mwezi, musafulumire kunena kuti tizilombo tatha. Pitirizani kuyendera chimanga sabata iliyonse, kuyang'ana mazira pamasamba ndi mbozi mumtima mwa chimanga.

Siyani mitengo monga nsangu ndi mitengo ya zipatso m'malire a munda. Mthunzi wake umapatsa mileme pobisala, ndipo imatha kusakabe pafupi ndi mbewu zanu usiku wowala.

Mango okhwima thyolani msanga akapsere m'nyumba, makamaka mwezi ukamalowera kumdima, nthawi yomwe mileme imayenda momasuka.

Ambiri tidakula tikumva kuti mleme ndi kadzidzi n'zaufiti. Mukapha mileme, agulugufe adzachuluka ndipo ndalama zidzathera kumankhwala. Komabe musagwire mleme ndi manja, ndipo auzeni ana, chifukwa ina imafalitsa chiwewe. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri, kenako athamangire kuchipatala.

Ntchito ya pagulu

Gawanani m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse lisankhe malo awiri pamunda wathu wophunzirira: pamtetete ndi pafupi ndi mitengo. Kawiri pa sabata, kwa mwezi wathunthu, khalani pamalo alionse mphindi 15 dzuwa litangolowa ndipo werengani mileme yodutsa. Lembani m'kope tsiku, kukula kwa mwezi, ngati watuluka kale, ndiponso ngati kuli mitambo kapena mvula.

Tikadzakumana tidzakambirana mafunso awa: Kodi mileme idachuluka masiku ati? Nanga usiku wa mwezi idapezeka kwambiri pamalo ati? Tingasinthe chiyani m'minda yathu chaka chino?