Kuuma kwa mitsempha ya magazi

Kuuma kwa mitsempha ya magazi ndi vuto limene makoma a mitsempha ikuluikulu yochotsa magazi ku mtima amasiya kutanuka bwino. Vutoli silipweteka, ndipo munthu amatha kukhala nalo zaka zambiri osadziwa. Madokotala amalitenga ngati chizindikiro chakuti munthu ali pachiopsezo cha matenda a mtima, sitiroko komanso matenda a impso.

Mmene limayambira

Mtsempha waukulu kwambiri m'thupi, wotchedwa aorta, uli ndi timinyewa totanuka ngati mphira totchedwa elastin. Mtima ukapopa magazi, mtsemphawu umafutukuka n'kusunga ena mwa magaziwo. Mtima ukapuma pang'ono, mtsemphawu umabwerera mwakale n'kukankha magazi aja kuti apitirize ulendo. Munthu akamakalamba, timinyewati timaduka pang'onopang'ono ndipo m'malo mwake mumachuluka collagen, yemwe ndi wolimba, komanso kashiamu. Kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, matenda a impso, kusuta fodya ndi kudya mchere wambiri zimafulumizitsa kusinthaku.

Mtima ndi umene umavutika kwambiri. Ukagunda, umatumiza funde limene limayenda m'makoma a mitsempha, n'kubwerera likafika pamene mitsemphayo yagawikana. M'mitsempha yofewa fundeli limabwerera mochedwa, pa nthawi imene mtima ukupuma, ndipo limathandiza kukankhira magazi m'mitsempha yodyetsa mtima weniweniwo, chifukwa imeneyi imadzaza kwambiri pa nthawi yopumayo. M'mitsempha youma limabwerera msanga, mtima ukadali kupopa. Zikatero mtima umagwira ntchito yaikulu koma umalandira magazi ochepa, ndipo pakapita nthawi khoma lake limanenepa.

Kuyeza popanda opaleshoni

Njira yodalirika kwambiri ndi kuyeza liwiro la fundeli, lomwe pa Chingerezi amati pulse wave velocity. Munthu amagona chagada, ndipo amamuika tizipangizo pa mtsempha wa m'khosi ndi wa m'mphechepeche. Makina amawerengera nthawi imene fundeli latenga kuti liyende pakati pa malo awiriwa. Asayansi a ku Britain, Bramwell ndi Hill, anafotokoza mu 1922 kuti liwiroli limagwirizana ndi kutanuka kwa mtsempha. Kwa wachinyamata wathanzi limakhala pafupifupi mamita 6 pa sekondi, ndipo akatswiri a ku Ulaya anagwirizana mu 2012 kuti likaposa mamita 10 pa sekondi ndiye kuti mitsempha yawonongeka.

Pali njira zinanso, monga kuunika kunenepa kwa khoma la mtsempha wa m'khosi ndi sikani, kuyerekeza BP ya pa kakolo ndi ya pa mkono, komanso kuwerengera kashiamu wa m'mitsempha ya mtima ndi makina a CT, njira imene Arthur Agatston anaifalitsa mu 1990. Njira zonsezi zimangosonyeza kukula kwa chiopsezo. Liwiro lalikulu silitanthauza kuti mtsempha wa mtima watsekeka kale.

Kafukufuku wa ku Blantyre

Ku Malawi nkhaniyi yafufuzidwa kwambiri mogwirizana ndi HIV. Ofufuza a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome anayeza anthu akuluakulu 279 amene ankayamba kumwa ma ARV chitetezo chawo chitatsika kwambiri, CD4 ili pansi pa 100, n'kuwayerekeza ndi anthu 110 opanda kachilomboka. Ntchitoyi inachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amangochitchula kuti Gulupu, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019. Anapeza kuti odwalawo anali ndi mitsempha youma kuposa anzawo, ndipo kuumako kunkayenderana ndi kuchuluka kwa maselo a chitetezo a CD8 amene atopa chifukwa cholimbana ndi matenda kwa nthawi yaitali. Atawayezanso patapita miyezi pafupifupi 10 akumwa mankhwala, kuumako kunali kutachepa. Izi n'zofunika chifukwa zikusonyeza kuti kuuma kumene kumabwera ndi kutupa kwa m'thupi kungathe kubwerera m'mbuyo, mosiyana ndi kumene kumabwera ndi ukalamba.

Makina oyezera liwiro la funde amapezeka kwambiri m'kafukufuku, osati m'zipatala zazing'ono monga za Limbe, Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa. Komabe makina wamba oyezera BP amapereka kale chithunzi. Akasonyeza 160/80, kusiyana kwa manambala awiriwa ndi 80, ndipo kwa munthu wachikulire kusiyana koposa 60 kumasonyeza kuti mitsempha ikuluikulu yauma. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu azaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankalandira chithandizo chilichonse.