Chifukwa Chake Mizinda ya pa Doko Imakulira Kumwamba

Phunziro lathu likunena za nyumba zazitali zosanja, zimene zimaoneka ngati zikugunda mitambo, ndipo funso limene tifuna kuyankha ndi ili: kodi n'chifukwa ninji nyumba zotere zimachuluka m'mizinda imene ili pa doko?

Tiyambire pafupi. Inu ana a ku Chanyanya mumalidziwa bwino doko lanu la pa mtsinje wa Kafue. Mabwato akamafika ndi nsomba, ogula onse amathamangira m'mbali mwa madzi. Wogulitsa chakudya, wokonza maukonde ndi wonyamula katundu, aliyense afuna malo pamenepo, pakuti amene wakhala kutali sapeza malonda. Tsono gombe la doko silikula, koma anthu olifuna amachulukirachulukira. Malo akachepa, mtengo wake umakwera. Lamulo limeneli limagwira ntchito pa doko laling'ono ndi pa doko lalikulu lomwe.

Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja yamchere, ndipo katundu wathu wambiri amadzera ku madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Koma kuti tione bwino lamulo lija, tiyeni tipite kutali, ku mzinda wa Hong Kong, kumwera kwa dziko la China. Mzindawu unalamulidwa ndi Angelezi kuyambira m'chaka cha 1841, ndipo unabwezedwa ku China mu 1997. Doko lake, lotchedwa Victoria Harbour, ndi lakuya ndiponso lotetezeka ku mafunde, motero sitima zapamadzi zinalikonda kuyambira kale. Vuto lake ndi lakuti kuseri kwa doko kuli mapiri otsetsereka. Pakati pa madzi ndi mapiri pali kamzere chabe ka malo osalala, koma anthu okhala m'dera lonselo amapitirira 7 miliyoni. Gawo limene pamangidwa nyumba ndi misewu ndi limodzi lokha mwa magawo anayi a dzikolo.

Kodi anthu ochuluka chotere akanatani? Anachita zinthu ziwiri. Choyamba, anathira miyala ndi dothi m'nyanja kuti apange mtunda watsopano. Chachiwiri, anayamba kusanja nyumba pamwamba pa inzake. Tsoka linafulumizitsa ntchitoyi. Pa 25 December 1953, moto unatentha zisakasa za anthu osauka pamalo otchedwa Shek Kip Mei, ndipo anthu oposa 50,000 anasowa pogona usiku umodzi wokha. Boma linayamba kuwamangira nyumba zosanja, ndipo masiku ano pafupifupi theka la anthu a mumzindawo amakhala m'nyumba zimene boma linamanga kapena kuthandiza kumanga.

Kusowa kwa malo pakokha sikungaimike nyumba yaitali. Pafunika nzeru zinayi, ndipo aphunzitsi mungazilembe pa bolodi.

Nzeru yoyamba ndi mafupa a chitsulo. M'nyumba ya njerwa imene tinaizolowera, khoma ndilo limasenza denga. Nyumba yotero ikatalika, khoma la pansi liyenera kunenepa kwambiri kufikira zipinda zitachepa. Mu 1885, mumzinda wa Chicago ku America, anamaliza nyumba ya nsanjika 10 imene kulemera kwake kunasenzedwa ndi mizati ndi mitanda ya chitsulo. Kuyambira pamenepo khoma linakhala ngati chovala, chotchinga mvula ndi mphepo basi. Lero amagwiritsanso ntchito konkire yokhala ndi zitsulo m'kati mwake.

Nzeru yachiwiri ndi chikepe. Palibe munthu angakonde kukwera masitepe a nsanjika 30 atasenza thumba la ufa. Kale anthu ankaopa chikepe chifukwa chingwe chikaduka, chinkagwa. Mu 1854, ku New York, Elisha Otis anaimirira pa chikepe pamaso pa khamu la anthu nalamula kuti chingwe chidulidwe. Chikepecho sichinagwe, pakuti zogwirira zimene iye anapanga zinachigwira pomwepo.

Nzeru yachitatu ndi maziko. Dothi la m'mbali mwa madzi ndi lofewa, monga mudziwa inu a ku zigwa za Kafue. Chifukwa cha ichi omanga amaboola pansi ndi kuimika mizati ya konkire kufikira itafika pa thanthwe kapena pa dothi lolimba.

Nzeru yachinayi ndi kulimbana ndi mphepo. Ku Hong Kong kumaomba anamondwe oopsa ochokera kunyanja. Nyumba yaitali amaipanga kuti izigwedezeka pang'ono pamwamba pake, monga nsungwi imene imapindika mphepo ikaomba koma osathyoka.

Ndi nzeru zimenezi mzinda unakwera. Kwa zaka zambiri, mbali ya doko yotchedwa Kowloon inali ndi nyumba zofupikirapo, chifukwa ndege zotera pa bwalo la Kai Tak zinkadutsa pafupi ndi madenga. Bwaloli litatsekedwa mu 1998, lamulo loletsa nyumba zazitali linafewetsedwa. Mu 2010 anamaliza nyumba ya International Commerce Centre, yotalika mamita 484, ndipo inaima pa malo amene kale panali nyanja.

Tsopano tibwerere kwathu. Mukayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Kafue kupita ku Lusaka, mudzaona nyumba ya Findeco House itaima kumapeto kwa msewu wa Cairo Road. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1970, ili ndi nsanjika 23, ndipo ndi yotalika mamita 90. Kwa zaka zambiri yakhala chizindikiro cha likulu lathu. Komabe mutasanja nyumba zisanu zonga Findeco House, simungafike pamwamba pa nyumba ya ku Kowloon ija.

Nanga n'chifukwa ninji Lusaka alibe nyumba zotero zambiri? Chifukwa chachikulu n'chakuti mzindawu uli pa malo osalala, opanda nyanja kapena mapiri outchinga. Choncho kuyambira pamene unakhala likulu mu 1935, wakhala ukufalikira m'mbali. Njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Minda imasanduka malo a nyumba, antchito amayenda mitunda yaitali m'mawa uliwonse, ndipo mapaipi a madzi ndi misewu zimachedwa kufika kumene anthu afika kale.

Kukulira kumwamba nakonso kuli ndi mtengo wake. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ku Hong Kong nyumba n'zodula kwambiri, mwakuti mabanja ena osauka amakhala m'kachipinda kamodzi kogawidwa ndi matabwa. Moto ukabuka pa nsanjika za pamwamba, kupulumutsa anthu kumavuta. Ndiponso nyumba yaitali siingakhale popanda magetsi, pakuti ndiwo amayendetsa chikepe ndi makina okweza madzi. Pano mpamene mtsinje wanu ulowa m'nkhani. Ena mwa magetsi a ku Lusaka amapangidwa ku Kafue Gorge, ndipo ena mwa madzi amene anthu a mumzindawo amamwa amapopedwa kuchokera mu mtsinje wa Kafue. M'chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa m'madamu, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo zinaoneka poyera kuti nyumba yaitali imadalira mvula monga momwe msodzi ndi mlimi amaidalirira.

Motero, ana inu, mukaona chithunzi cha mzinda wa nyumba zazitali, musangozizwa ndi kutalika kwake. Funsani kuti: kodi malo ake ndi aakulu bwanji, anthu ake ndi angati, nanga madzi ndi magetsi amachokera kuti? Ena mwa inu mudzakhala amisiri ndi akuluakulu okonza mizinda, ndipo mudzafunika kusankha pamene Kafue ndi Lusaka ayenera kukulira kumwamba ndi pamene ayenera kusiyira minda malo ake.

Aphunzitsi, phunziro likatha chitani izi ndi ana. Tengani mabokosi a machesi 12. Poyamba ayaleni pa tebulo, kenaka asanjeni m'milu itatu, ndipo ana ayeze malo amene apulumuka. Pambuyo pake aimike mulu umodzi pa mchenga wonyowa ndi wina pa mwala, nanene umene ukhalitse. Pomaliza pitani nawo pa bwalo, ayeze mamita 90 ndi chingwe, kuti aone ndi maso awo kutalika kwa Findeco House itagonekedwa pansi.