Kuwotcherera kapena kugula ina: pule yotha yagawanitsa amakaniko m'chigwa cha Shire

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la m'chigwa cha Shire limaswa mtengo. Ku Ngabu ndi ku Nchalo kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo malole onyamula mapira, mbatata ndi ziweto kupita ku Blantyre amayamba kugona m'mbali mwa msewu wa M1. Nyengo ino amakaniko akuloza chala kachipangizo kamene madalaivala ambiri sakalabadira: pule yakutsogolo kwa injini, imene m'mabuku amati harmonic balancer.

Pa Dyeratu, pansi pa mtengo wa nimu, tinapeza lole yoyera ya matani atatu ataiweramitsa mutu. Kumbuyo kwake mbuzi zochokera ku Bangula zinkalira ndi ludzu. Injini inkalira bwinobwino, koma pule inkagwedezeka ngati lichero lili m'manja mwa mayi wopeta, lamba naye akulira mokwiya. Makaniko, bambo waimvi wovala ovolosi yothimbirira, anazimitsa injini natenga choko. Analemba mzere umodzi kuchoka pachitsulo chapakati cha pule kufika pamkombero wakunja. Atailizanso kwa mphindi zochepa n'kuizimitsa, mzere uja unali utaduka pawiri, mbali ziwirizo zitatalikirana ngati kukula kwa chala. Labala wogwirizanitsa zitsulo ziwirizo anali atang'aluka ngati matope a dambo lophwa, pena atafewa ndi oyilo wodontha kuchokera kutsogolo kwa injini.

Labala ameneyu ndiye mwini nkhani. Dizilo akaphulika m'injini, crankshaft, chitsulo chimene chimazunguza puleyo, imapotoka pang'ono n'kubwereranso. Injini ya masilinda anayi ikamazungulira ka 2,000 pamphindi, kuphulikako kumachitika ka 4,000. Labala, mothandizana ndi mkombero wolemera uja, amameza kunjenjemera kumeneku. Kutentha, oyilo ndi ukalamba zikamudya, nkhonya zonsezo zimagwera crankshaft.

Apa ndi pamene mkangano unabuka. Mwini lole, amene thukuta linali kamukamu, ankafuna kuti mnyamata wowotcherera wa pafupi pomwepo angolumikiza zitsulo ziwirizo. Mfundo zake zinali zomveka. Pule yatsopano siipezeka pa Dyeratu, mpaka munthu akwere phiri kukaisaka ku Limbe kapena ku Ndirande. Ndalama yake ndi yowawa, ndipo mbuzi sizidikira. Mnyamatayo naye anavomereza kuti wawotchererapo mapule angapo, ndipo malole ake akuyendabe.

Bambo waimvi uja anapukusa mutu. Mofatsa anauza abwanawo kuti pule yowotcherera imasiyadi kugwedezeka ndipo lamba amakhala chete, koma matenda amangolowa m'kati. Chitsulo chikagwirana ndi chitsulo, palibenso chomeza kunjenjemera. Crankshaft imayamba ndi kamng'alu kosaoneka ndi maso, tsiku lina n'kuthyoka, makamaka injini ikamakoka katundu wolemera pachitunda. Kuchokera pa Thabwa msewu umakwera mokhotakhota mpaka kumtunda, ndipo lole yodzaza imakwera pa giya yotsika, injini ikubuula ulendo wonse. Pule yatsopano, iye anatero, ndi kachigawo kochepa chabe ka mtengo wokonzera injini yothyoka crankshaft.

Amakaniko ena amene tinacheza nawo ku Nchalo ali pakatikati. Akuti kuwotcherera kungathandize kuti lole ifike pagalaja, ikuyenda pang'onopang'ono komanso yopanda katundu, koma vuto n'loti mwini wake akaona kuti yayenda amaiwala zobwerera. Akuchenjezanso za mapule ochotsedwa pa injini zakale: chitsulo chimaoneka chabwino, koma labala wake amakhala wokalamba chimodzimodzi. Pamene onse akugwirizana mpoti kusiya pule yogwedezeka n'kuika moyo pachiswe. Mkombero ukatsetsereka, lamba amavuka, batire limasiya kutchaja, madzi sazunguliranso ndipo injini imawira. Mkombero ukathothoka uli paliwiro umatha kuboola redieta.

Dzuwa litapendeka, mwini lole anagonja. Anatuma wothandizira wake kukwera minibasi ya ku Blantyre atanyamula pule yakaleyo m'thumba kuti akayerekezere, ndipo makaniko anamukumbutsa kuti agulenso kalabala kotseka oyilo kuti pule yatsopanoyo isadyekenso. Mbuzi anazitsitsa n'kuzimangirira pamthunzi, amayi ogulitsa nsomba atabwereketsa beseni lomwetsera.

Kuchokera ku Marka mpaka pamlatho wa Kamuzu, malole ambiri amene amadyetsa misika ya m'chigwachi anafika m'dziko muno atayenda kale zaka zambiri kunja. Eni ake amasintha oyilo ndi matayala mokhulupirika, koma ndi ochepa amene amawerama kuti aone labala wa pule. Kumuyesa kumangofuna choko ndi mphindi zisanu.