Kumwamba nako kuli maenje

Ise a m'maminibasi tidziwa ululu wa mpando wa kumbuyo. Draiva akagwera m'dzenje osacepetsa liwiro, mutu umakagunda ku denga. Manje ena mumaganiza kuti okwera ndeke pa Kenneth Kaunda International Airport alibe vuto limeneli. Alinalo, mwandi, makamaka nyengo ino ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo.

Cimene cimacitika n'cakuti dzuŵa likatentha nthaka, mpweya wotentha umakwera mofulumira n'kupanga cimtambo cacitali cakuda cija timaona masana Lusaka isanayambe kunyowa. M'kati mwake mpweya wina ukwera, wina wozizira utsika pamodzi na mvula na matalala. Ndeke ikaloŵa pakati apo, imakankhidwira m'mwamba, kenaka pansi, m'kanthawi kocepa cabe.

Pa 21 May 2024, ndeke ya Singapore Airlines, SQ321, inali paulendo wocoka ku London kupita ku Singapore na anthu 229. Ili pamwamba pa Myanmar, pamene anchito anali kugaŵa cakudya ca m'maŵa, inagwedezeka koopsa n'kutsika mamita 54 m'masekondi osakwana 5. Amene sanamange lamba anauluka pa mipando n'kukagunda ku denga, kenaka kugwa pansi. Mwamuna wina wa ku Britain wa zaka 73 anamwalira, anthu oposa 100 anavulala, ena msana, ena mutu. Ndekeyo inakatera ku Bangkok. Patangopita masiku asanu, ya Qatar Airways yocoka ku Doha kupita ku Dublin nayo inagwedezeka, anthu 12 n'kuvulala, ndipo theka la iwo anali anchito a m'ndeke.

Apa ni pamene ine nimamvera cisoni atsikana na anyamata otumikira aja. Ife takhala pansi, iwo ali ciimire na kangolo kolemera, tiyi wotentha ali m'manja. Ni monga kondakita wolendewera pa citseko basi ikuthamanga. N'cifukwa cake mu 2024 Singapore Airlines inalamula kwa kanthawi kuti kagetsi ka lamba kakayaka, kugaŵa cakudya kuime. Korean Air nayo mu 2024 inaleka kupatsa a mu economy manudo a m'kapu, kuopa kuti madzi oŵira angatenthe munthu. Ena anadandaula ati atilanda cakudya. Ine niti bola njala kusiyana na cilonda ca pa nchafu.

Oyendetsa ndeke sayenda cimbulimbuli. Kumphuno kwa ndeke kuli radar imene imaona madontho a madzi m'mitambo, ndipo iwo amazungulira cimtambo coopsa patali, makilomita 30 kapena kuposa. Ndiye mukacedwa kunyamuka kupita ku Ndola kapena ku Johannesburg cifukwa ca mvula, osatukwana munthu wa pa kaunta. Vuto ni lakuti pali kugwedezeka kwina kocitika kumwamba kuli ngwee, kopanda mtambo, ndipo radar siikuona. Kumabwera mosagogoda.

Ndeke za masiku ano n'zolimba, mapiko amapindika osathyoka, ndipo kugwedezeka pakokha sikugwetsa ndeke kaŵirikaŵiri. Cimene cimathyoka ni munthu wosamangidwa. Conco lamba akhale m'ciuno ngakhale kagetsi kazima, ngakhale mukugona, ndipo mumange pamwamba pa bulangeti kuti anchito aone osakudzutsani. Cikwama colemera ciloŵe pansi pa mpando. Ndipo ngati muli na mwayi wosankha pokhala, tengani pafupi na mapiko, cifukwa kumcira ndiye kumavina kwambili.