Luso Lilipo, Nanga Pepala Lili Kuti?

M'mawa uliwonse, masitolo ogulitsa zipangizo zomangira asanatsegule ku Limbe, pakhonde pamakhala patafika kale anyamata ndi azibambo, aliyense ndi kachikwama kake ka zida. Wina ndi womanga, wina wokonza mipope, wina wa magetsi. Akangoona munthu akutuluka m'sitolo ndi matumba a simenti kapena mapaipi, onse amamuthamangira: "Bwana, mmisiri muli naye?" Amene wachita mwayi amakwera nawo galimoto. Otsalawo amabwerera pakhonde paja kukadikiranso, mwina mpaka dzuwa kupendeka.

Ambiri mwa iwo ndi ana athu. Ntchito anaiphunzirira pa galaja ya amalume ku Ndirande, pa shedi ya akalipentala ku Bangwe, kapena ponyamula matope pa chilinganizo cha nyumba ku Machinjiri mpaka dzanja linazolowera. Ntchito amaidziwa ndithu, ndipo mageti, mabedi ndi mbaula zimene zili m'nyumba zathu ndi iwo anapanga. Koma kampani ikafuna kulemba mmisiri, kapena sukulu ikafuna womanga midadada, funso loyamba limakhala lakuti, "Mapepala muli nawo?" Pamenepo nkhani imathera pompo. Munthu wa luso la zaka khumi amangokhalabe waganyu.

Kunyumba nako kuli wina. Mtsikana anakhoza mayeso a Fomu 4, koma dzina lake silinatuluke pa mndandanda wopita ku yunivesite. Chaka chachiwiri chino akungothandiza mayi ake kukazinga mandasi. Iyeyu pepala la MSCE ali nalo koma luso alibe. Mlongo wake uja luso ali nalo koma pepala alibe. Ndondomeko ya boma ya maphunziro a ntchito zamanja inakhazikitsidwa kuti ithandize anthu awiri onsewa, ndipo ndi bwino kuti ife amayi, amene timathamanga kusaka fizi, tiidziwe bwino.

Ndalama zake zimachokera kuti?

M'chaka cha 1999 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo limene linabala bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a luso, ntchito zamanja ndi bizinesi m'dziko muno. Lamuloli limati wolemba anthu ntchito aliyense azipereka 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito ake, kuti ipite ku thumba lophunzitsira amisiri. Kampani imene imalipira antchito ake K10 miliyoni, ndiye kuti ipereke K100,000. Ndalamayi sadula pa malipiro a wantchito ayi. Imachokera m'thumba la wolemba ntchitoyo, ndipo amatolera ndi a MRA. Choncho mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba, mabanki a mu Victoria Avenue ndi masitolo akuluakulu a ku Limbe, onsewa amasonkha kuti ana athu aphunzire ntchito. Mwana wanu akapempha malo, sakupempha chifundo cha munthu.

Sukulu zikuluzikulu za ntchito zamanja zimene zakhalapo kwa nthawi yaitali ndi 7: Soche kuno ku Limbe, Nasawa ku Zomba, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Mu 2015 boma linayamba kutsegula sukulu zina m'maboma kuti maphunzirowa afike pafupi ndi anthu, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anakhazikitsa ntchitoyi ku Ngara m'boma la Karonga. Zoyandikana nafe ndi Aida Chilembwe ku Chiradzulu ndi Milonga ku Thyolo. Palinso sukulu za mipingo, monga Comboni Technical College ku Lunzu. Mu 2021 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza ndalama zokwana madola 100 miliyoni za pulojekiti ya SAVE, yokulitsa malo ophunzirira luso, makamaka kwa atsikana.

Zonsezi ndi zabwino, koma tisanamizane: malo ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali asanakwanitse zaka 18. Mzinda wa Blantyre wokha unali ndi anthu oposa 800,000. Chaka ndi chaka olembera malo m'sukuluzi amachuluka kutalitali kuposa amene amatengedwa. N'chifukwa chake amisiri ambiri a mumzinda muno amaphunzirira ntchito pamsewu, osati m'kalasi.

Khomo limene ambiri sakulidziwa

Kwa mmisiri wophunzirira pamsewu uja, boma linatsegula khomo lina. Pachingerezi amalitcha Recognition of Prior Learning, mwachidule RPL, kutanthauza kuvomereza luso limene munthu ali nalo kale. Safunika kubwerera m'kalasi kukayambira pa kagwiridwe ka hamala. Amakalembetsa, n'kuonetsa umboni wa ntchito zimene wakhala akugwira, kenako akatswiri amamuyesa pomuonerera akugwira ntchitoyo ndi manja ake. Akakhoza amalandira satifiketi yovomerezeka ya gawo limene luso lake lafika. Ngati pali pamene akupelewera, amamuuza kuti akaonjezere pamenepo pokha.

Pepalali si lokongoletsera khoma. Munthu woika mawaya a magetsi m'nyumba amayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo wopanda chilolezo amakakamizika kugwira ntchito m'dzina la mnzake, phindu n'kugawana. Wofuna kupikisana nawo pa ntchito zomanga za boma amayenera kulembetsa ku bungwe loyang'anira za zomangamanga, limene ambiri timalidziwa kuti NCIC. Ngakhale ana athu amene amapita ku Joni, wopanda pepala amakalandira malipiro a wothandizira pamene ntchito akugwira ndi ya mmisiri weniweni.

Choncho mnyamata wanu akamagwira ntchito, muuzeni azijambula ndi foni chimene wamanga kapena kukonza, azisunga ma risiti, ndipo azipempha kakalata kwa amene wawagwirira ntchito. Timapepala timeneti ndi timene tidzamuyankhulire tsiku loyesedwa.

Mmisiri wabwino ndi nkhani ya moyo

Wina angafunse kuti nkhani ya amisiri ikukhudzana bwanji ndi zaumoyo. Tikumbuke mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Chigumula chimene chija panalibe mmisiri akanachiletsa. Koma m'madera ena ambiri nyumba zinagwa ndi mvula yokha, chifukwa maziko anali osaya, njerwa zinamangidwa ndi dothi, ndipo madzi analibe ngalande yodutsa. Womanga wophunzitsidwa bwino amadziwa kuya kwa maziko, muyeso wa simenti ndi mchenga, ndiponso amalimba mtima kuuza mwini nyumba kuti malo awa si omangapo.

Tikumbukenso kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Kolera imayenda ndi madzi oipa. Paipi yolumikizidwa mwachinyengo ndi mphira, yodutsa m'ngalande ya zonyansa, imayamwa uve madzi akasiya kutuluka. Chimbudzi chokumbidwa pafupi ndi chitsime, osasiya mtunda wa mamita 30 umene azaumoyo amalangiza, chimadwalitsa mudzi wonse. Nawonso moto umene umatentha nyumba ndi misika yathu, kangapo konse umayamba ndi mawaya oikidwa mosadziwa. Tikamasankha mmisiri potengera kutchipa kokha, mtengo wotsalawo timakalipira ku chipatala cha Queens.

Nanga atsikana?

Apa ndi pamene ife amayi tiyenera kudzifunsa. Mtsikana akati akufuna kuphunzira ntchito yamanja, timafulumira kumuloza ku utelala, ku saluni kapena kophika. Ntchito zimenezi ndi zabwino ndipo zalera mabanja ambiri, koma yendani mumsika wa Limbe muwerenge makina osokera amene ali pakhonde limodzi. Onsewo akulimbirana kasitomala mmodzi, kuwonjezera apo kaunjika ali pomwepo. Pamene wokonza mafiriji, woika magetsi a sola kapena wokonza mipope wodalirika timachita kumusaka pa foni kwa anzathu.

Nthawi zambiri amene amabweza mtsikana si mphunzitsi, koma mawu a pakhomo: "Ovololo ndi ya amuna," "Adzakukwatira ndani uli mafuta okhaokha?" Chonsecho waya wa magetsi safuna mphamvu za mwamuna, amafuna mutu wodekha ndi dzanja losamala. Ndondomeko ya boma imalimbikitsa atsikana kulowa ntchito zimenezi. Chimene mtsikana amasowa ndi mayi womuuza kuti pita, komanso womufunsa bwinobwino za kumene akukaphunzirira ntchito. Kumagalaja ndi kumalo omanga kumakhala amuna okhaokha, ndipo ena amapezerapo mwayi. Mwana adziwe kuti wina akamuvuta, kunyumba akamukhulupirira ndipo nkhaniyo ikafika kwa akuluakulu a sukulu.

Musanalipire fizi

Safunsa anadya phula. Mumzinda muno muli sukulu zambiri za anthu wamba, zina zabwino, zina chikwangwani chokha ndi chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo. Ndalama ya ku banki m'khonde isapite musanafunse mafunso awa.

Choyamba, kodi sukuluyi inalembetsedwa ku TEVETA? Pemphani kuona chikalata chake, ndipo ngati mukukayika kafunseni ku ofesi ya TEVETA ya chigawo chino, imene ili mu Blantyre momwemuno. Chachiwiri, mayeso ake amalembetsa ndani, ndipo satifiketi idzachokera kuti? Pepala losindikiza mwini sukulu yekha silitsegula khomo lililonse. Chachitatu, lowani m'chipinda chogwirira ntchito muone ndi maso anu. Ngati ophunzira 40 akudikirira makina amodzi owotcherera, mwana wanu adzatuluka ndi zolemba m'kope basi. Chachinayi, kodi sukuluyo imawapezera ophunzira malo okayeserera ntchito ku makampani? Pomaliza, malo a m'sukulu za boma amalengezedwa poyera m'nyuzipepala ndi pa wailesi. Wina akakuuzani kuti mumupatse kenakake kuti dzina la mwana lilowe, ameneyo ndi wakuba.

Akamaliza maphunziro pamabwera vuto lina, la zida. Ambiri amabwerera pakhonde paja chifukwa chosowa makina oyambira. Mutu umodzi susenza denga: gulu la amayi limene limatha kusonkha ndalama za yunifolomu ndi za zovuta, lingathenso kugula bokosi limodzi la zida n'kubwereketsa kwa achinyamata awiri kapena atatu, iwo n'kumabweza pang'onopang'ono. Ndipo pakafunika wokonza mabenchi, mpope kapena magetsi pa parishi, tiyambe tafunsa ngati m'miphakati yathu mulibe mwana amene anaphunzira ntchitoyo.

Pa msonkhano wanu wa mwezi uno, tengani pepala mulembe mayina m'mizere iwiri. Mzere woyamba, ana amene ali ndi luso koma alibe satifiketi. Wachiwiri, amene ali ndi MSCE koma akungokhala. Kenako musankhe amayi awiri apite ku ofesi ya TEVETA akafunse masiku olembetsera ndi ndalama zofunika, adzafotokozere gulu lonse pa msonkhano wotsatira.